Kiyi wa amayi anga

Amayi anga sukulu analekezera Sitandade 3, koma ndi iwo amene amasunga kiyi mmodzi mwa makiyi atatu a bokosi la banki m'khonde kumudzi kwathu, kupitirira pang'ono pa Mitundu. Amamumangirira kunsonga kwa chitenje, paja ankamangapo ndalama ya chigayo.

Mwezi wathawu ndinachita dala kunyamuka ku Kawale Lachiwiri m'mamawa kuti ndikapeze tsiku la gulu. Ndinapeza azimayi 22 atayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Wosunga bokosi sapatsidwa kiyi, ndipo osunga makiyi amakhala makomo osiyana, ndiye bokosilo silitsegulidwa popanda maso a gulu. Ndalama amawerenga anthu awiri mokweza, wina akamaliza mnzake n'kubwereza. Sheya imodzi ndi K1,000, ndipo wogula zitatu amamudindira katatu m'kabuku kake. Amayi amayendetsa chala pa zidindozo chimodzichimodzi. Palibe angawapusitse.

Kasungidwe kameneka kanayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, koma kuwaona akukangana za chindapusa cha wochedwa, mungati anabadwa nako.

Chimene chinandipititsa kwenikweni ndi nkhani ya azakhali anga. Chaka chatha anakongola K60,000 yoti aziodera tomato. Amuna awo anaipeza pansi pa mphasa, ina n'kubwezera ngongole ya katapila, yotsalayo inathera ku kachasu. Chiwongoladzanja cha gulu lawo ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndiye pofika nthawi yogawana mu Disembala ngongole inali itakula. Gulu linapita kukamasula mbuzi zawo ziwiri m'khola. Amayi anga anali nawo pa ulendowo, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Nditawafunsa anayamba akhala chete, akutongola chimanga. Kenako anati: "Mwanawe, m'bokosi muja muli ndalama ya mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pasukulu. Iyeyo tikanamuuza chiyani?" Anandikumbutsanso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene anagawana chaka chimenecho sizinakwanenso feteleza amene ankawerengera. Ndalama yochepa kaleyo, anati, sangaisiye ipite kumowa.

Mpaka lero mtima wanga sunavomere kuti wolakwa akhale mwamuna, khola logumuka likhale la mkazi. Koma azimayiwo sanathere pa mbuzi zija. Anagwirizana kuti wokongola azinena pagulu chimene akachite ndi ndalamayo, ndipo ngati kunyumba kwake kuli vuto, mnzake azimuperekeza kukaoda katundu pamsika wa Mitundu tsiku lomwelo, ndalama isagone m'nyumba.

Azakhali abwereramo chaka chino. Lachiwiri lija anagula sheya imodzi, n'kukongola K15,000. Amene anawaperekeza kumsika, dengu lili pamutu, anali amayi anga.