Lachiwiri: tsiku lonse pa rc.local

Ndinadzuka mtima uli pa seva imene ndinaisamutsira ku Debian yatsopano (mtundu wina wa Linux) dzulo. Inayaka bwinobwino, koma disiki ya pa netiweki imene timasungirapo makope a mafayilo sinalumikizike. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi yakhala m'manja mwa kafayilo kamodzi, /etc/rc.local, ka malamulo oyendetsedwa makina akamayaka, kamene analemba mnzathu wina amene anachoka kalekale.

Vuto loyamba silinanditengere nthawi. Pokopera, kafayiloko kanataya chilolezo choyendetsedwa, ndipo systemd, pulogalamu yoyatsa ntchito za makina akamayaka, imayendetsa rc.local pokhapokha ngati chilolezocho chilipo. Ndinalemba chmod +x kuti ndibwezere chilolezocho, n'kuyatsanso makina. Disiki osaoneka.

Apa ndipo ndinakhala pansi. Nditayang'ana mu kaundula wa zochitika ndi journalctl -b -u rc-local, ndinaona kuti kafayiloko kanayenda ndithu, kungoti kanafulumira: kanafuna disiki makina asanalandire adiresi ya pa netiweki. Kale, m'masiku a SysV init, njira yakale yoyatsira zinthu, masikiripti (timafayilo ta malamulo) a mu /etc/init.d ankayenda motsatizana, potengera manambala a pa mayina a malinki owaloza, monga S20 ndi S99, ndipo rc.local inkabwera kumapeto kwenikweni zonse zitakhazikika. Mnzathuyo ankadalira mzere umenewo. Koma kuyambira pa Debian 8 mu 2015, woyatsa zinthu ndi systemd, ndipo iyo imayatsa zambiri nthawi imodzi. Imaika rc.local pambuyo pa gawo la kuyaka lotchedwa network.target, dzina limene limanyenga ambiri. Silitanthauza kuti netiweki yayamba kugwira ntchito. Chodikira zimenezo ndi network-online.target.

Ndinayesedwa kungoika sleep 30, lamulo lodikira masekondi 30, pamwamba pa kafayiloko n'kupita kukadya. Sindinatero. Kumeneko n'kukwirira moto ndi udzu, tsiku lina netiweki idzachedwa masekondi 31.

Masana ndinawerenga kafayiloko mzere ndi mzere, ndipo ndinakhudzidwa. Pakati pake panali mawu a mnzathuyo ochenjeza kuti makope asayambe kulembedwa disiki isanatsimikizike kuti yalumikizika, chifukwa akatero adzadzaza disiki ya mkati mwa seva. Chenjezo limeneli silinalembedwe kwina kulikonse. Ndikanangofufuta kafayiloko poganiza kuti n'kachikale, ndikanazindikira zimenezi seva itadzaza kale usiku.

Choncho ndinakasiya kamoyo, koma ndinakasamutsa. Malamulo ake ndinawaika mu /usr/local/sbin, n'kulemba kafayilo katsopano mu /etc/systemd/system kokhala ndi Type=oneshot (ntchito yoyenda kamodzi n'kutha), komanso Wants ndi After zoloza ku network-online.target kuti kazidikira netiweki. Chenjezo lija ndinalikopera momwe lilili, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Kenako systemctl daemon-reload kuti systemd ikawerenge, systemctl enable kuti kaziyenda pa kuyaka kulikonse, n'kuyatsanso.

Ndinazimitsa ndi kuyatsa kasanu, ndipo kasanu konse disiki inabwera. Mu /etc/init.d mwatsala masikiripti awiri amene systemd-sysv-generator, chida chothandiza systemd kuyendetsa masikiripti akale, ikuwamasulirabe pa kuyaka kulikonse. Olemba systemd ananena kale kuti thandizo limeneli adzalichotsa, ndiye mawa ndiyamba kusamutsa sikiripti ya makina osindikizira, imene ilibe ngakhale mutu wa BEGIN INIT INFO wofotokoza zimene sikiripti imadalira.