Mapasa musamawadikire mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi

"Mapasa n'chimodzimodzi mwana mmodzi, kungoti mimba imakula." Mawu amenewa ndawamva lero pamzere wa sikelo, ndipo sanandisangalatse m'pang'ono pomwe.

Azimayi anzanga, mwana mmodzi timamuyembekezera pa masabata 40, koma mapasa ambiri amabadwa masabata 37 asanakwane. Magazi amachepa msanga, choncho mapiritsi owonjezera magazi aja musamadumphitse. BP nayonso imakonda kukwera. Mutu ukamapweteka osaleka, nkhope ikatupa, maso akamachita chidima, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kaunikitseni m'mimba msanga, pakati pa masabata 11 ndi 14, adokotala aone ngati anawo ali ndi nsengwa imodzi. Ikakhala imodzi, magazi amatha kupita ochuluka kwa mmodzi, mnzake n'kumafooka, ndiye amafunika kuwaunika masabata awiri aliwonse kuyambira sabata ya 16.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku lochira. Woyamba akabadwa, wachiwiri amatha kupingasa, opareshoni n'kufunika mwadzidzidzi. Chiberekero chotanuka kwambiri chimachedwanso kubwerera, mayi n'kutaya magazi ambiri. Inu abambo, konzani kathumba msanga, mayi akakhale kuchidikiro cha chipatala chomwe amachita opareshoni komanso kuika magazi.