Opal pa chala cha wokonza tsitsi

Anzanga amene mumagwira ntchito ya mphete, ndolo ndi mikanda, mundilole nditulutse zimene zili kukhosi, chifukwa sabata yathayi yandisiya ndi mkwiyo wosatha. Lolemba tinayamba ndi msonkhano wa abwana ndipo nkhani inali imodzi yokha: miyala imene yakhalitsa m'magalasi ichoke mwezi usanathe. Anatchula opal, tanzanite ndi ngale, n'kunena kuti aliyense wogulitsa mphete ya miyala imeneyi komishoni yake ikwera. Ndinafunsa kuti nanga munthu amene ntchito ya manja ake sigwirizana ndi miyala yotereyi tizimuuza chiyani. Anandiyankha kuti kasitomala ndi munthu wamkulu, amadziwa chimene akufuna, ife yathu n'kugulitsa.

Lolembalo ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse. Kuchepetsa ndi kukulitsa mphete, kuwonjezera golide pa zikhadabo zogwira mwala zimene zaperepeseka, kupakanso rhodium, chitsulo choyera chokutira, pa golide woyera amene wayamba chikasu. Makina otsukira a ultrasonic akadali ofa, papita miyezi, ndiye zonse ndi burashi ndi madzi a sopo. Kagalasi kokulitsira katsala kamodzi, timalandirizana pakati pa benchi ndi kauntala. Chokhacho chimene chinandisangalatsa ndi mphunzitsi wina amene ankafuna emarodi. Nditamva kuti tsiku lonse amakhala akugwira choko ndi kumenyetsa dzanja pa desiki, ndinawalangiza kuti emarodiyo akhale pa ndolo, pakuti khutu siligunda kanthu. Anapita akumwetulira.

Lachitatu masana kunalowa mayi wachitsikana, atafumbata kapepala kofewa m'dzanja. Asanayankhule n'komwe ndinali nditaona kale manja awo: khungu louma, m'mbali mwa zikhadabo muli madontho akuda a dayi. Anafunyulula kapepalako pa kauntala. Munali mphete ya chitomero, ya golide wa 18 karati, yokhala ndi opal wamkulu wotumphuka pamwamba, wogwidwa ndi tizikhadabo tinayi toonda. Mpheteyo ndinaizindikira chifukwa ndine ndinaichepetsa itagulidwa, ngakhale mwini wake sindinakumane naye. Nthawi imeneyo mwalawo unali woyera, ukautembenuza pang'ono n'kumang'anima zobiriwira ndi zofiirira. Tsopano unali wabulawuni ngati madzi otsukira mbale, moto wonse utazima, pamwamba pali timikwingwirima, ndipo kachikhadabo kamodzi katapindikira kunja, tsitsi litakodwa pansi pake.

"Bambo, miyezi itatu yokha," anatero. "Kodi anandigulitsa galasi?"

Silinali galasi. Ndinanyowetsa chala n'kukhudza pansi pa mwalawo, ndipo unamata pang'ono. Ameneyu ndi opal wa ku Ethiopia, wa ku Wollo, amene anayamba kudzaza msika kuyambira 2008. Ndi wokongola kwambiri, koma wambiri mwa iye ndi wa mtundu wa hydrophane, kutanthauza kuti ali ndi timibowo tosaoneka timene timamwa madzi. Akanyowa amaoneka ngati wataya mitundu yake, akauma imabwerera. Vuto n'lakuti samwa madzi okha. Amamwa mafuta odzola, sopo, mafuta a tsitsi ndi dayi, ndipo zimenezi zikalowa sizituluka ndi kuuma. Opal wa ku Australia, wa ku Coober Pedy kapena Lightning Ridge, nthawi zambiri samwa chonchi, komabe naye ndi wofewa. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera mmene mwala umapiririra kukandika, opal ali pakati pa 5.5 ndi 6.5, pomwe fumbi wamba lili ndi tizidutswa ta quartz amene ali pa 7. Kungopukuta mwala wafumbi ndi nsalu youma kumaukanda kale. Tsono mayiwa amakonza tsitsi ku saluni. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo manja awo ali m'madzi, mu shampu, m'mafuta, m'mankhwala owongolera tsitsi. Mwa miyala yonse imene ili m'magalasi mwathu, sindikudziwa wina wosayenera dzanja limenelo kuposa umenewu.

Ndinawafunsa ngati pogula anauzidwa zimenezi. Anati anabwera ndi bwenzi lawo, ndipo iwo eni anafunsa ndithu kuti, "Kodi ndingamavale tsiku lililonse kuntchito?" Wogulitsa anati inde, palibe vuto. Anamuloza. Ndi mtsikana amene anayamba ntchito chaka chino, ndipo anali ataima potero, nkhope itagwa.

Mtsikanayo sindimuimba mlandu. Atalembedwa anaphunzitsidwa kulonjera makasitomala, kugwiritsa ntchito makina a ndalama ndi kutseka magalasi madzulo. Palibe anamukhazika pansi kumuuza kuti dayamondi ali pa 10, rube ndi safiro pa 9, topazi ndi spinel pa 8, ngale pakati pa 2.5 ndi 4.5. Dzina la Friedrich Mohs, amene anakonza sikeloyi mu 1812, analimva koyamba kwa ine Lachitatu lomwelo. Palibe anamuuza kuti kusakandika n'kwina, kusasweka n'kwinanso, kuti topazi ngakhale ali pa 8 amatha kugawanika pakati akagunda pakona, kuti dayamondi yemwe amabenthuka. Chimene wakhala akuuzidwa n'choti opal achoke. Anachita zimene anatumidwa.

Abwana atabwera sanaugwire n'komwe mwalawo. Anapempha lisiti, n'kuwerenga mokweza mawu ang'onoang'ono a kumbuyo, akuti kuwonongeka kobwera chifukwa cha kavalidwe si udindo wa sitolo. Kenako anati, "Mayi, zinthu zamtengo wapatali zimafuna chisamaliro." Anthu ena anali pomwepo akumva. Mayi aja sanakweze mawu. Anangoti, "Bwana, ine ndinafunsa." Misozi inalengeza koma anaimeza. Ine mtima unandiwira. Munthu wachita chinthu chimodzi chimene timafuna makasitomala onse atamachita, wafunsa asanagule, ife tamuyankha zabodza, lero tikumuuza kuti ndi wosasamala.

Abwana atalowa mu ofesi ndinawakokera mpando mayi aja. Choyamba ndinawauza zoona za mwalawo. Ena amaunyika m'mankhwala osungunula mafuta otchedwa acetone ndipo mafuta ena amatuluka, koma dayi nthawi zambiri amakhalirira, ndiponso mwala umatha kung'aluka pouma. Sindinafune kuwapatsa chiyembekezo chimene sindingachikwanitse. Kenako ndinayamba mafunso amene anayenera kufunsidwa tsiku loyamba. Manja anu amagwira chiyani tsiku lonse? Mumavala magolovesi? Kodi ndinu munthu wokumbukira kuvula mphete, kapena ikalowa yalowa? Anaseka pang'ono n'kuti akaivula akudziwa kuti aitaya. Mumakonda zovala za mitundu yanji? Ndipo funso limene ndimaliona lalikulu kuposa onse: pa opal uja chinakukokani n'chiyani? Anaganiza kaye. Anati sichinali kuyera kwake, chinali choti mtundu wake sukhala umodzi, umasintha dzanja likasuntha.

Apo ndiye panali poyambira. Munthu akanena chimene maso ake akufuna, nthawi zambiri pamapezeka mwala wolimba umene ungamupatse zofananako. Ndinawaonetsa safiro. Anthu ambiri amaganiza kuti safiro ndi wabuluu basi, koma alipo achikasu, apinki, obiriwira, ndi ena okhala ndi mitundu iwiri m'mwala umodzi, buluu kusanganikirana ndi kubiriwira. Sang'anima ngati opal, sindinawanamize, koma ukamutembenuza pa kuwala amasintha ndithu, ndipo madzi, sopo ndi mafuta sizimulowa. Ndinawaonetsanso spinel. Pa kakhazikidwe ndinati zikhadabo tiziiwale. Mwala ukhale wotsika, wozunguliridwa ndi mkombero wa golide, kuti pasakhale chokola tsitsi la kasitomala kapena choboola golovesi. Ndinawalangiza golide wa 14 karati, wa chidindo cha 585, chifukwa amapirira kukhuzika kuposa wa 18 karati, wa chidindo cha 750. Siliva ndinawakaniza, popeza mankhwala ena a tsitsi ali ndi sulfure amene amamudetsa. Ndinawachenjezanso kuti chlorine amafooketsa golide wosakaniza, choncho pogwira mankhwala amphamvu mpheteyo aziikoloweka pa tcheni m'khosi, mkati mwa bulauzi. Ndipo ngati mtima ukadali pa opal, tsiku lina adzagule wa pa mkanda, wovala popita kokasangalala, womuvala atatha kudzola ndi kupopera perefyumu, monga timalangizira a ngale.

Anasankha safiro wamng'ono wa mitundu iwiri. Anamuyang'ana nthawi yaitali pafupi ndi zenera, kenako anafunsa kuti, "Ameneyu ndingamavale kuntchito?" Ndinati inde, ndipo ndinawalembera papepala zoyenera ndi zosayenera, n'kusainira dzina langa.

Lachinayi lonse linathera mu ofesi. Ndinauza abwana kuti sitolo ibweze mtengo wonse wa opal, chifukwa cholakwa n'chathu. Anakana. Titakokanakokana anavomera kuchotsa theka, ndipo ntchito yosula mphete yatsopano ikhale yaulere pokhapokha ndikaigwira kunja kwa maola a ntchito. Ndinavomera, sindikanachitira mwina. Chimene chinandipweteka n'choti theka limenelo akulidula pa komishoni ya mtsikana uja. Amene analamula kuti opal achoke sanataye kalikonse. Amene sanaphunzitsidwe ndiye walipira.

Ndinabweretsanso pempho langa lakale, loti mwala uliwonse uzituluka ndi kakhadi kofotokoza kulimba kwake, zimene unachitidwa, ndi kasamalidwe kake. Emarodi ambiri amathiridwa mafuta m'ming'alu, ndipo mwini wake ayenera kudziwa kuti ultrasonic ndi madzi otentha zimachotsa mafutawo. Ametusito akakhalitsa padzuwa amatha kufwifwa. Tanzanite sapirira kugunda kapena kusintha kwa kutentha mwadzidzidzi. Zonsezi zikhoza kukwana pa kakhadi kamodzi. Abwana anati makhadi otere amaopseza makasitomala. Ine zimene ndaona pa benchi n'zosiyana. Munthu amene wauzidwa zoona amagulabe, amangosankha mwanzeru, ndipo amabweranso ndi mnzake. Amene sabweranso ndi uja wazindikira yekha kunyumba mwala utawonongeka.

Lachisanu bambo wina anabweretsa mphete ya rube kuti ndiikulitse. Anaigula kwina. Nditaika pa kagalasi ndinaona timathovu mkati ndi kung'anima kwa buluu m'ming'alu, zizindikiro za rube wodzazidwa galasi la mtovu, amene anayamba kuchuluka pamsika cha mu 2004. Mwala wotere ukakumana ndi moto wa tochi yowotcherera kapena asidi wotsukira umawonongekeratu, ngakhale mankhwala otsukira m'nyumba amaudya. Ndinauchotsa kaye ndisanayatse moto, ndipo ndinawafotokozera. Nawonso palibe anawauza. Anakhala chete, kenako anathokoza. Ndiye vutoli si la sitolo yathu yokha, ndipo n'chifukwa chake ndikulembera inu.

Loweruka kunali piringupiringu. Ndili pa benchi ndinamva mnyamata akufunsa za mphete ya tanzanite, akuti ndi ya mkazi wake amene amakonda kunyamula zitsulo ku jimu. Tanzanite ndi wokongola, amachokera malo amodzi okha, ku mapiri a Merelani kumpoto kwa Tanzania, kumene anapezeka mu 1967, ndipo nkhani imeneyi imagulitsa yokha. Koma ali pakati pa 6 ndi 7 ndipo amagawanika. Ndisanadzuke, ndinamva mtsikana uja akuti, "Achimwene, ngati amanyamula zitsulo, mwala umenewu ukhale pa mkanda. Pa chala ndikuonetseni safiro." Mnyamatayo anagula mkanda wa tanzanite. Komishoni ya mkanda ndi yochepa poyerekeza ndi ya mphete, ndipo mtsikanayo ankadziwa zimenezo. Ndinamunyadira. Tagwirizana kuti tikatseka tizitsala pang'ono, ndizimuonetsa miyala umodziumodzi pa kagalasi.

Mphete ya mayi aja ndaisula kale, mkombero ndaukonza, yangotsala kukhazika mwala. Safiro amene anasankha sangatuluke m'galasi popanda siginecha ya abwana pa fomu yochotsera mtengo, ndipo fomuyo ili pa tebulo pawo kuyambira Lachinayi. Mayiwo aimba foni Loweruka madzulo kufunsa tsiku lodzatenga. Ndinawauza kuti mbali yanga yatha, ndikudikira ofesi, ndipo tsiku sindinawapatse chifukwa sindikufuna kuti sitolo ino iwanamize kachiwiri.