Ufulu wachibadwidwe si wa azungu okha, funsani ife a ku Mbare

Pali anthu amakonda kunena kuti nkhani ya ufulu wachibadwidwe inabwera ndi azungu, ife tili ndi chikhalidwe chathu basi. Ine abale ndimakana, ndipo ndimakanitsitsa, chifukwa maganizo amenewa akapambana amalira ndife tomwe, ana ndi zidzukulu za Amalawi tili ku Mbare, ku Highfield, ku Epworth kuno ku Zimbabwe.

Nzoona kuti pa 10 December 1948 pomwe United Nations inkavomereza chikalata cha ufulu wa anthu onse ku Paris, Nyasaland ndi Southern Rhodesia, omwe lero ndi Malawi ndi Zimbabwe, zinali m'manja mwa atsamunda, palibe anatifunsa. Koma ndime 15 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala nzika ya dziko linalake ndipo asalandidwe unzikawo mwachisawawa, ndiye tandiuzani chachizungu apa nchiyani? Komanso mu 1981 ku Nairobi atsogoleri a mu Africa anavomereza chikalata chawochawo cha ufulu wa anthu.

Agogo athu anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, ena m'makitchini a azungu, anakalambira konkuno, manda awo ali konkuno. Koma mu 2001 lamulo la unzika litasintha, anthu obadwira muno koma makolo awo akunja anauzidwa kuti akane kaye unzika wa dziko lomwe ena sanalipondepo nkamodzi komwe, ambiri anangotsala ndi chitupa cholembedwa kuti alien, kuvota ayi, pasipoti ayi, ndipo mayi akakhala wopanda mapepala mwananso amavutika kupeza kalata yakubadwa, vuto limangotsika choncho mpaka kwa zidzukulu. Kumudzi ku Malawi amati ndinu a ku Zimbabwe, kuno amatinyoza kuti mabwidi. Zimawawa zedi.

Nanga malamulo a dziko lonsewo amatiteteza bwanji? Apa tisanamizane, alibe apolisi. Zimbabwe inalowa mu 1991 m'pangano la ufulu wa nzika ndi ndale la 1966, lomwe limati mwana aliyense ali ndi ufulu wopeza unzika, koma palibe angachoke ku Geneva, ku maofesi a United Nations oona za ufulu wa anthu, kudzamanga kalaliki wokubweza pawindo. Komishoni ya ku Banjul, yoona za ufulu wa anthu mu Africa, imamva madandaulo nkupereka malangizo, boma likafuna limamvera. Khoti la SADC la ku Windhoek litagamula motsutsa boma la kuno mu 2008 pa nkhani yolanda mafamu a azungu, mu 2010 linaimitsidwa ntchito. Kaya nkhani ya malo mumaiona bwanji, khomo lomwe linatsekedwa pamenepo linali lathunso amphawife.

Komabe mapanganowa si mapepala chabe ayi. Maloya ndi mabungwe amawagwiritsa ntchito pokakamiza boma, ndipo mphamvu yake imaoneka akalowa m'malamulo a dziko. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, ndime 43, amati wobadwira muno malamulowa asanatuluke, kholo lake limodzi lili nzika ya dziko la mu SADC, iye nkumakhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Ngakhale Chichewa chathuchi chili pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Chondidandaulitsa nchoti achikulire ambiri kutchalitchi ndi kumzikiti akadali ndi chitupa chakale chija, ena sadziwa nkomwe kuti lamulo linasintha, ena amaopa kupita ku ofesi chifukwa anabwezedwapo kale kuti abweretse mapepala a makolo omwe anamwalira zaka zambiri zapitazo. Achinyamata amene timadziwa kuwerenga, tiwaperekeze agogowa, ndime 43 ija titailemba papepala m'thumba.