Mpando wa Woyendetsa Chombo: Sabata Yotsegulira Rise of the Resistance ku Orlando

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ya mumzinda wa Orlando, ku Florida m'dziko la America, yomwe imakonzera mabanja ndi magulu a anthu maulendo okacheza ku mapaki a zosangalatsa. Udindo wanga ndi kulemba ndondomeko ya tsiku lonse la mlendo, kuyambira nthawi yodzuka, galimoto yomunyamula ndi chipata cholowera, mpaka zomwe ayenera kuyamba kukwera dzuwa lisanamufooketse. Sabata yoyamba ya Disembala 2019 inatipanikiza kuposa ina iliyonse m'chaka chimenecho, chifukwa Lachinayi pa 5 Disembala kampani ya Disney inkatsegula Rise of the Resistance, chokwera chatsopano chochokera pa mafilimu a nkhondo za m'mlengalenga a Star Wars, m'paki yake ya Hollywood Studios. Dera la Star Wars: Galaxy's Edge, lomwe ndi mudzi womangidwa ngati uli pa dziko lopeka lotchedwa Batuu, linali litatsegulidwa kale pa 29 Ogasiti, koma munali chokwera chimodzi chokha, Millennium Falcon: Smugglers Run, kotero kuti makasitomala athu ambiri anasunga ndalama zawo kudikira chachiwirichi.

Lolemba linatha ndi nkhani ya misinkhu ya ana. Mwana saloledwa kukwera Rise of the Resistance ngati sanafike masentimita 102, pomwe pa Smugglers Run malire ndi masentimita 97, ndipo kusiyana kochepaku n'kokwanira kuliza mwana pachipata makolo atalipira kale ulendo wonse. Ndinaimbira mafoni mabanja onse okhala ndi ana aang'ono kuwapempha kuti awayeze. Ndinawauzanso kuti FastPass+, njira yosungitsiratu nthawi yokwerera yomwe anaizolowera, sidzagwira ntchito pa chokwera chatsopanochi.

Lachiwiri m'mawa abwana anga anandipatsa uthenga wotsatsa malonda kuti ndiuwerenge usanatumizidwe kwa makasitomala. Unkaitana abambo kuti abwere ndi ana awo aamuna kudzamenya nkhondo ya m'mlengalenga, ndipo kumapeto kwake kunali mzere umodzi wolonjeza amayi ndi atsikana malo ogula zinthu ndi opumulirapo. Ndinawapempha kuti tiyang'ane limodzi makalata omwe tinalandira miyezi yapitayo. Amene ankafunsa mafunso ozama, monga ngati malo opangira malupanga owala a Savi's Workshop amafuna kusungitsiratu malo, kapena kuti nkhani ya mudziwo ikuchitika pakati pa mafilimu ati, kawirikawiri anali amayi, ndipo sankafunsira amuna awo ayi, ankadzifunsira okha.

"Koma zinthuzi kuyambira kale n'za anyamata," anatero abwanawo, osati mwaukali, koma monga munthu wonena chinthu chomwe sanachikayikirepo.

"Bwana, mukatumiza uthengawu momwe uliri, anthu omwe akutilipira awerenga kuti sitinawaone," ndinawayankha motero.

Maganizo akewo si awo okha, ndipo n'chifukwa chake ndimaiona nkhaniyi kuti ndi yaikulu. M'chaka cha 1968, pomwe wailesi ya kanema ya NBC inkafuna kuthetsa Star Trek, amene anatsogolera ntchito yolemba makalata odandaula mpaka pulogalamuyo inapatsidwa chaka chachitatu anali mayi wotchedwa Bjo Trimble pamodzi ndi mwamuna wake John. Komabe patapita zaka pafupifupi 50, kampani ya Hasbro inatulutsa masewera a Monopoly a Star Wars opanda Rey, yemwe ndi mtsikana amene filimu ya Star Wars ya 2015 inatsamira pa iye, ndipo mu Januwale 2016 inalonjeza kumuikamo anthu atadandaula kwambiri pa intaneti. Ashley Eckstein, yemwe amalankhula mawu a Ahsoka Tano m'makatuni a Star Wars, anayambitsa kampani ya zovala ya Her Universe mu 2010 chifukwa akazi okonda nkhani zopeka za sayansi ankasowa malaya osokedwa molingana ndi matupi awo. Akaziwa akhalapo nthawi yonseyi, akulemba, akusonkhanitsa anzawo ndi kugula matikiti, koma ogulitsa amachita kukumbutsidwa mobwerezabwereza. Abwana anga anamvetsera, ndipo madzulo uthengawo unatuluka ukuitana aliyense wokonda nkhanizi, popanda kutchula kuti bambo kapena mayi.

Lachitatu ndinakumana ndi gulu la amayi achikulire omwe anachokera kutali, ena mwa iwo anaonera filimu yoyamba ya Star Wars ya 1977 ali atsikana. Anali atasoka zovala zofanana ndi za anthu a m'mafilimuwo, ndipo zinandipweteka kuwauza kuti malamulo a pakiyo salola munthu wa zaka 14 kapena kuposerapo kulowa atavala ngati munthu wa m'filimu. Iwo ankalidziwa kale lamulolo kuposa ine. Anandionetsa momwe anasankhira mitundu ya nsalu, malamba ndi nsapato kuti chovalacho chikhale cha masiku onse koma wodziwa akachiona azindikire yemwe akumutsanzira, luso lomwe okonda mapakiwa amalitcha Disneybounding ndipo linafalitsidwa kwambiri ndi akazi.

Mtsogoleri wawo ananditengera pambali n'kundipempha chinthu chomwe sindinachiyembekezere. "Mwanawe, tikukupemphani kuti zithunzi zathu musaziike pa tsamba lanu la Facebook," anatero. Anafotokoza kuti mnzawo wina anatukwanidwa kwa masiku ambiri ndi anthu osawadziwa atangolemba kuti anaikonda filimu ya Star Wars ya 2017, ndipo ena ankamufunsa mafunso ngati a mayeso kuti atsimikize ngati ndi wokonda weniweni, mafunso omwe mwamuna wovala malaya omwewo safunsidwa. Sindinadabwe, poti mu Juni 2018 Kelly Marie Tran, yemwe anasewera ngati Rose Tico m'filimu imeneyo, anafufuta zonse zomwe anaika pa Instagram atazunzidwa ndi mawu onyoza mtundu wake ndi maonekedwe ake. Ngati munthu wotchuka chotero anafika pothawa, mayi wamba ali ndi chifukwa chomveka chodzitetezera. Ndinalemba pempholo pa fayilo yawo ndipo ndinauza wojambula wathu.

Lachinayi tinanyamula alendo kudakali mdima. Pakiyo inagwiritsa ntchito mzere wa pafoni: munthu ankayenera kulowa kaye pachipata, kenako n'kulembetsa gulu lake pa app ya My Disney Experience, n'kupatsidwa nambala yodikira kuitanidwa. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti matikiti a banja lililonse alumikizidwa pa foni imodzi, chifukwa wotsalira kunja kwa gulu akanakwera payekha kapena osakwera n'komwe. Nambala zathu zitaitanidwa ndinalowa ndi banja lina la bambo, mayi, mnyamata ndi mtsikana wa zaka pafupifupi 11.

Ulendo wonse wa pa chokwera chatsopanochi umatenga mphindi pafupifupi 18, ndipo woyamba kukupatsa ntchito ndi Rey, yemwe amaoneka ngati chithunzi chowala choyandama pafupi ndi kaloboti BB-8. Kuchoka apo umakwera chombo chomwe chimagwidwa ndi adani, zitseko n'kutsegukira m'chipinda chachikulu momwe mwandanda asilikali ovala zoyera okwana 50. Pambuyo pake umakhala m'galimoto ya anthu 8 yoyenda popanda njanji, yomwe imadutsa pansi pa miyendo ya makina ankhondo aatali kwambiri. Mtsikana uja ankatchula dzina la chombo chilichonse ndi munthu aliyense asanalankhule, ndipo mchimwene wake ankamufunsa iyeyo akasokonezeka.

Masana tinapita ku Smugglers Run, komwe anthu 6 amagawana ntchito: awiri oyendetsa, awiri owombera, ndi awiri okonza makina omwe amakhala kumbuyo. Makadi a ntchitozi atagawidwa, bambo aja anatenga la woyendetsa n'kupatsa mnyamata linalo, mosaganizira n'komwe, ndipo mtsikanayo anangolandira lake la kumbuyo osanena kanthu. Si udindo wanga kulowerera za m'banja la eni, koma ndinali nditamuona m'mawa wonse.

"Bambo, mwana wanu wamkaziyu ndi amene wakhala akutitsogolera lero, bwanji ayendetse ndi iyeyo?" ndinafunsa motsitsa mawu.

Anamuyang'ana mwana wawoyo, n'kumufunsa ngati akufuna, ndipo yankho lake linabwera funso lisanathe. Anasinthana makadi, bambowo n'kukakhala kumbuyo pamodzi ndi ine. Potuluka mayi ake anandiuza kuti ulendo wonsewo unayamba ndi mtsikanayo, yemwe anakhala akuupempha kuyambira pomwe anamva kuti mudziwo ukumangidwa, koma pa fomu yathu panalibe malo olembapo zimenezo.

Lachisanu ndinakhala mu ofesi kukonza fomuyo. Inkafunsa mayina, zaka, misinkhu ndi zakudya zomwe munthu sadya, koma sinkafunsa kuti m'gululo ndani amene akuufunitsitsa ulendowo, choncho tonse tinkangoganizira tokha, ndipo kuganizira kwathuko kunkagwera kwa amuna. Ndinaonjezera funso limenelo, komanso lina lofunsa ngati mlendo akulola kuti chithunzi chake chiikidwe pa intaneti. Abwana anga anavomereza zonse ziwiri, ndipo fomu yatsopanoyo tinayamba kuitumiza tsiku lomwelo kwa omwe ankafuna kubwera m'masiku a filimu yatsopano ya Star Wars yomwe inkatuluka pa 20 Disembala, ndiponso kwa magulu omwe tinkawakonzera ulendo wa ku Anaheim, ku California, komwe Rise of the Resistance inkayembekezeka kutsegulidwa ku Disneyland pa 17 Januwale 2020.