Kani ndinkatsatira munthu wolakwika

Dzulo usiku ndinaseka ndekha m'chipinda, chifukwa chinthu chimene chandizunguza mutu masabata atatu chinangomasuka chokha. Ndikunena nyimbo za alăutari, oimba a ku Wallachia ndi Moldavia aja, madera a cha ku Romania. Za makam, dongosolo la manotsi m'nyimbo za Chiotomani, sindibwereza, anzanga mukuzidziwa kale.

Ine vuto linali phazi. Ndikatchera khutu kwa vayolini n'kumaponda pansi, phazi linkasochera. Ndiyambirenso, chimodzimodzi. Kani wosunga nthawi si wa vayolini ayi! Ndi wa țambal, chija cha nsambo zambiri chogogoda ndi timitengo tiwiri, kapena wa cobza, choimbira chokhala ngati gitala. Iyeyo amangobwereza kachidutswa kake, kamene eni ake amati țiitură, osathamanga, osatsalira. Wa vayolini amayenda momasuka pamwamba pake: achedwe, atsetsereke, aime kaye, koma pothera mzere onse amafikira limodzi ngati anapangana. Anthu awiri, mayendedwe awiri, nyimbo imodzi. Basi.

Nditamva zimenezi, mbiri ija tinangoloweza m'kalasi inayamba kulankhula. Kuyambira 1711 ku Moldavia mpaka 1821, mafumu a kumeneko ankaikidwa ndi sultan, mfumu ya Aotomani, kuchokera m'mabanja a Agiriki a ku Phanar, mu Constantinople, ndipo kunyumba zawo kunkamveka nyimbo za Chiotomani, kuphatikizapo taksim, nyimbo yopeka pomwepo yopanda muyeso wa nthawi. Alăutari ambiri anali a mtundu wa Roma, akapolo a mabwana ndi a nyumba za amonke, mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1855 ndi 1856. Kapolo amaimba zimene bwana akufuna, khutu n'kutola, mwana n'kutolanso kwa bambo ake.

Chandipulumutsa ndi kuchedwetsa nyimbo pa YouTube kufika theka, n'kumang'ung'udza țiitură yokha. Ndinayesa pa Taraf de Haïdouks, gulu la alăutari a ku Clejani, ku Romania. Kunena zoona, njira imeneyi imaposa buku lililonse.

Aphunzitsi athu akuti tilembe zonse pa mizere isanu yolembapo manotsi. Mulemba bwanji munthu wotsetsereka pakati pa manotsi? Ngakhale Dimitrie Cantemir, amene anadzakhala mfumu ya Moldavia, anachita kupanga zilembo zakezake polemba nyimbo za Chiotomani. Ndinawafunsa aphunzitsiwo za mayendedwe awiri aja, akuti tikambirana sabata yamawa. Chonsecho mayeso ndi Lachisanu.

Lero m'mawa msuweni wanga anagwira țiitură pa gitala, ine vayolini. Pa maulendo khumi tinafikira limodzi kawiri kokha. Kaya khutu lamvadi zala zikungochedwa, kaya kawiri kajaka tinangolotera...