Transcript yokha inandidyera masabata asanu ndi limodzi

Kalata yondilandira kusukulu yafika, mtima wakhala m'malo. Koma anzanga azaumoyo a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza amene mukufuna digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka zipatala, tamverani kaye musanayambe kuthamanga monga ndinathamangira ine. Za kudzaza fomu sindinena, tonsefe timadzaza malipoti mwezi ndi mwezi. Chimene chingakugwetseni ndi transcript, pepala la malikisi anu onse a kukoleji.

Yambani ndi transcript, sukulu isanalengeze n'komwe kuti ikulandira makalata. Chilengezo chikatuluka mumakhala ndi masabata owerengeka, pomwe koleji imene munachokako zaka khumi zapitazo ilibe nanu changu. Satifiketi ya digiri payokha sikwanira. Amafuna pepala la malikisi a phunziro lililonse, chaka ndi chaka, losainidwa ndi kudindidwa, ndipo ena amafuna lifike mu envulopu yomata.

Ine ndinaimba foni ku koleji yanga yakale, nkundiuza kuti ndilipire ku banki ndibwere ndi risiti. Ndinalipira, ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, mbandakucha ndili kale pa Lizulu ndi chisanu chija, kudikira minibasi imene sinanyamuke mpaka itadzaza matumba a kachewere. Kufika pa windo, mayi anangoyang'ana risitiyo kamodzi. "Bambo, apa palibe nambala yanu yapasukulu. Tidziwa bwanji kuti ndalamayi ndi yanu?" Dzina langa lili pomwepo, lolembedwa bwinobwino! Akuti pitani kwa a zachuma akatsimikize. A zachuma apita ku nkhomaliro. Atabwera anatsimikiza, koma wosaina ali ku msonkhano ku nyanja. Ndiye kenaka nkundiuza chimene akanandiuza pafoni paja: malikisi a ife akale sali mu kompyuta, ali m'mafailo ku sitolo, ndipo wina ayenera kukawafukula nkuwataipa pamanja. Ndinabwerera usiku chimanjamanja, odwala nditawasiyira mnzanga, thiransipoti itapita pachabe.

Choncho pa kapepala koikira ndalama ku banki lembani nambala yanu yapasukulu ndendende monga inalili pa khadi lanu, ndi chaka chimene munamaliza. Musananyamuke funsani zinthu zitatu pafoni: failo yapezeka kodi, wosaina alipo tsiku limenelo kodi, ndipo amapereka okha kapena amatumiza. Pemphani makope atatu nthawi imodzi, chifukwa ofuna kukulipirirani fizi nawonso adzafuna yawo.

Maina nawonso. Ikani pa tebulo satifiketi ya MSCE, ya dipuloma, ya digiri ndi chiphaso cha unzika, muwerenge chilembo ndi chilembo. Kusiyana kwa l ndi r kokha kumaimitsa zinthu. Achemwali amene munasintha dzina mutakwatiwa, kalumbireni kalata kwa majisitireti kapena kwa loya yotsimikiza kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo tsiku lomwelo dinditsani makope a masatifiketi onse. Yang'ananinso kuti kulembetsa kwanu ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi n'kwa chaka chino.

Ndadumpha chimene chimayenera kukhala choyamba, kusankha maphunziro enieniwo. Ngati muli ndi dipuloma yokha, ngakhale mwakhala in-charge (woyang'anira chipatala kapena wodi) zaka khumi ndi zisanu, njira yachizolowezi ndi kupeza kaye digiri yoyamba. Mukakhala nayo, dzifunseni mpando umene mukuulakalaka. MPH, digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu m'madera, imakuzamitsani pa matenda a m'dera, ziwerengero ndi kafukufuku. Ya kayendetsedwe imakuphunzitsani bajeti, kugula katundu motsata lamulo, kuyang'anira antchito ndi kuwerenga mabuku a ndalama, zomwe ambirife tinangoponyedwamo osaphunzitsidwa. Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndiyo yoyamba kuifunsa pa za utsogoleri wa zaumoyo. Palinso Executive MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi ya anthu amene ali kale pantchito, ya ku ESAMI (Eastern and Southern African Management Institute) ndi ya ku MUBAS (kale Polytechnic), koma dziwani kuti MBA wamba mumaphunzira pamodzi ndi a mabanki ndi a makampani, ndiye kuzitembenuzira ku chipatala ndi ntchito yanu. Kwa ine sichoipa chimenecho. Munthu amene wazolowera kulira kuti mafuta a ambulansi atha amapindula kukhala pafupi ndi anthu owerenga tambala iliyonse.

Za masukulu akunja a pa intaneti samalani kawiri. Funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati pepalalo lidzavomerezedwe kuno musanalipire kalikonse. Ndipo fizi ya m'madola simunthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali pakati pa maphunziro anadzuka ngongole itafufuma malipiro ali omwewo. Onjezanipo kudikira ndalama zakunja ku banki, bandulo, ndi magetsi ozima pa nthawi ya mayeso.

Tsopano kalata ya chilolezo cha kuntchito. Ambiri amanyengeka ndi mawu oti maphunziro ndi a block release (kupita kusukulu masiku angapo otsatizana nkubwerera kuntchito) kapena a kumapeto kwa sabata, nkumaganiza kuti angozemba mwakachetechete. Werengani masiku onse a m'kalasi pa chaka, muwonjezepo a mayeso ndi a ulendo, muwone ngati tchuthi chanu chapachaka chingakwane. Kawirikawiri sichikwana. Lembani kalata yopempha tchuthi cha maphunziro, idutse kwa amene amakuyang'anirani, ndipo mutchulemo amene azigwira ntchito yanu mukachoka, chifukwa funso loyamba la bwana aliyense ndi limenelo. Funsaninso komwe kuli failo yanu, pakuti chiyambireni kupereka mphamvu ku makhonsolo ena athu nkhani zawo zimathera ku khonsolo, ena ku likulu, ndipo a zipatala za mipingo za CHAM ali ndi njira yawoyawo. Mukapatsidwa tchuthi cholipidwa kapena thandizo la fizi, yembekezani kusaina bond yoti mudzagwirabe ntchito zaka zingapo mukamaliza. Iwerengeni yonse musanasaine. Kalata iliyonse nyamulani pamanja ndi kope lachiwiri, alidinde kuti alandira, mulijambule pafoni.

M'kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa musalembe zoti mumakonda kuthandiza anthu, aliyense amalemba zomwezo. Lembani vuto limodzi limene munaligwira ndi manja: mmene munagawira ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zitabwera zoperewera, zimene munachita mankhwala atachedwa, kapena zimene ziwerengero za mu DHIS2, mosungiramo malipoti azaumoyo pa kompyuta, zinakuwonetsani pokonza DIP, pulani ya ntchito zaumoyo ya boma lanu. Kuwonetsa kuti munawerengako HSSP III, ndondomeko ya dziko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030, kumathandiza. Okuchitirani umboni pezani awiri, wa kuntchito ndi mphunzitsi wakale, ndipo muwauze mwezi wathunthu zisanafike, chifukwa mphunzitsi amene anakuwonani komaliza kalekale afuna mumukumbutse kuti ndinu yani.

Ndibwererenso ku transcript, chifukwa sinathere paja. Ulendo wachiwiri ndinaipeza yakonzeka, koma ndinapempha kuti ndiione asanamate. Malikisi a teremu yachiwiri ya chaka chachitatu munalibe, wotaipa anadumpha tsamba lonse. Ndikanangonyamula envulopu yomata nkukapereka, bwenzi atandibweza nthawi yolandira makalata itatha. Kukonza kokhako kunatenga masabata ena awiri. Ndiye muiwerenge pa windo pomwepo, teremu ndi teremu, muone dzina, chaka ndi chidindo, kenaka amate inu mukuona.